Ndinavomera Mlandu wa Declan

Anzanga, ambiri mwakhala mukundifunsa chimene ndinasiyira koleji. Lero ndikuuzani.

Declan Rourke ndinakumana naye m'chipinda chosokera zovala, kuseri kwa holo ya zisudzo pakoleji yathu ku Massachusetts. Tinkakonza sewero la milandu ya ufiti ya ku Salem, kuja ankapachika anthu osalakwa. Ine ndinali wosoka zovala. Iye ankasewera ngati wosula zitsulo amene analolera kupachikidwa kusiyana ndi kuvomera ufiti.

Analowa atanyamula jekete yong'ambika.

"Ndiwe Corinne eti? Akuti umaukitsa akufa."

"Akufa inde, koma jeketeyo inawola kale," ndinamuyankha.

Anaseka mpaka kukhala pansi. Mawa lake anabweranso ndi khofi ndi madonasi, batani la malaya atalidula dala.

Chinayamba choncho chibwenzi chathu...

Kukagwa chipale chofewa, ankalawira kudzachotsa pagalimoto yanga. Pa chikondwerero cha Thanksgiving anabwera kwathu ku Lowell, anatsuka mbale zonse, amayi n'kundinong'oneza kuti, "Ameneyu usamutaye." Ndinkamuthandiza kuloweza mawu a m'sewero. Akafika poti, "Ndipheni, koma bodza pakamwa panga silituluka," misozi inkangolengeza m'maso mwanga. Ndinkaona ngati ndi iyeyo weniweni akuyankhula.

Ngozi inachitika masana, tikuyeserera komaliza.

Mnzathu wina, Wendell, ankasewera ngati nkhalamba yoyamba kupachikidwa. Chingwe cha m'khosi chinali chongonamizira. Chomugwira chenicheni chinali waya wokoleka pa lamba wa mkati mwa zovala, kumsana. Kumuveka lambayo inali ntchito yanga. Kukoleka waya inali ntchito ya Declan, poti ndiye ankaima kumbuyo kwake.

Tsikulo Declan anamuimbira foni a sukulu ya zisudzo ya ku New York, kumuuza kuti amutenga. Anakwera pasiteji mochedwa, akumwetulira yekha. Waya sanakoleke.

Wendell anachoka pamakwerero opachikirapo anthu, akudalira kuti waya amugwira, n'kugwa chagada. Phokoso lija ndimalimvabe mpaka lero.

Msana unathyoka. Atatsitsimuka, za tsikulo sankakumbukira kalikonse.

M'mawa mwake Declan anandipeza poimika magalimoto, maso ali psuu.

"Corinne, ndinaiwala kukoleka."

"Ndikudziwa. Kawauze."

"Ndikanena, za New York zathera pomwepo. Dzina langa lawonongeka, palibe adzandilembenso sewero."

"Nanga ukufuna nditani?"

Anandigwira manja onse awiri. "Unene kuti lamba unamuveka molakwika, ngowe inapulumuka. Iwe angokuchenjeza basi, si ndiwe wosoka chabe? Zikatha tipitira limodzi. Ukudziwa kuti ndiwe wanga."

Mawu oti "chabe" aja anandibaya, koma ndinawameza. Ankalira, anzanga. Ndinali ndisanamuonepo akulira.

Anatiitana pamaso pa Mayi Pelletier, otsogolera sewero, ndi akuluakulu a koleji. Ndinaimirira n'kuvomera zimene sindinachite. Mayi Pelletier anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Corinne, ukunena zoona? Iwe sulakwitsa zinthu ngati zimenezi."

"Ndi ineyo, mayi."

Atamufunsa Declan, anayankha mosagwedera kuti, "Ine ndinakoleka bwinobwino." Mawu ake anali omwe aja a pasiteji.

Sanangondichenjeza ayi. Anandiimitsa sukulu. Nkhani inawanda, anzanga a m'kalasi n'kuyamba kundilambalala. Nditapita kuchipatala kukamuona Wendell, mayi ake ananditsekereza pakhomo.

"Mwana wanga sadzayendanso. Wabwera kudzaona ntchito yako? Choka."

Sewero analichitabe patapita milungu, atachotsamo zopachikazo. Akuti Declan atakana kunama pasiteji paja, holo yonse inaimirira kumuombera m'manja.

Mafoni anga anayamba kuwayankha patalipatali.

"Tidikire kaye zinthu zizizire," anatero. "Anthu akationa limodzi aganiza zina."

"Zina ziti, Declan? Ndakuvalira mlandu!"

"Usamakuwe. Palibe anakukakamiza."

Ku New York anapita osanditsanzika. Ndinadziwira pa chithunzi chimene anaika pa intaneti, ali pasiteshoni ya sitima, atakumbatira mtsikana wina wa m'sewero lomwe lija.

Ndinabwerera kwa Mayi Pelletier n'kuwafotokozera zonse, za foni ija, za waya, za poimika magalimoto. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi.

"Mwanawe, ndinakufunsa tsiku lija. Unayankha ndi pakamwa pako, anthu akumva. Lero wakusiya, ndiye wabwera ndi nkhani ina. Kaya unanama kale, kaya ukunama lero, wanama basi. Ndipita nazo kuti zimenezi?"

Ndinanyamuka n'kutuluka.

Panopa ndimasoka m'sitolo yokonza madiresi a ukwati ku Lowell. Wendell ali pa njinga ya olumala, ndipo amakhulupirira kuti amene anamulumaza ndi ine. Ndinayesa kumuimbira kuti amve zoona zake, koma anangomva dzina langa n'kudula. Amayi anga amandikhulupirira, koma akakumana ndi anthu kutchalitchi amayang'ana pansi.

Anzanga, munthu wokukonda sangakupemphe kuti udzinamizire mlandu. Ine ndinaganiza kuti dzina langa ndikungomubwereka, lidzabwerera. Silinabwerere, ndipo lero ndikamanena zoona palibe akundimva.