Chifuwa cha Alamu Anga

Alamu anga akhala akukonza mabasi moyo wawo wonse, kwinaku akulalikira Lamlungu ndi kuphunzira za ubusa pang'onopang'ono. Imvi zitayamba, anasiya masipanala n'kukalowa seminale kuti achite digiri yachiwiri. Ndi munthu wosayankhulayankhula, moti za m'kalasi sankazifotokoza kunyumba.

Pasanapite nthawi, akulu anga, omwe ndi akazi awo, anandiimbira foni. Akuti bambowo ankadzitsekera m'bafa n'kumapala kukhosi, buku ankalitsegulira kumapeto, ndipo polemba ankayambira kumanja ngati mutu wasokonekera. Choopsa kwambiri, tsiku lina akudya anafunsa kuti, "Kodi amayi, n'chifukwa chiyani munthu wolungama amavutika?"

"Akundibisira matenda amenewa," anatero akulu anga.

M'malo mowafunsa, ife anzerufe tinawanyengerera mpaka kuchipatala. Dokotala anawaunika kukhosi koma sanapeze kanthu, ndiye anawauza kuti akhosomole mmene amachitira kunyumba. Alamu anapaladi kukhosi, kenako n'kupitiriza vesi lonse la m'buku la Yobu m'Chiheberi. Anafotokoza mwamanyazi kuti zilembo zina za chinenerocho zimatulukira kukhosi, mabuku ake amayambira kumanja, ndipo funso lija linali la mayeso a filosofi. M'bafamo ankabisalamo poopa kuti tiwaseka.

Tinawasekadi, akulu anga mpaka misozi, mitima itakhala pansi.

Chaka chino alamu akumaliza maphunziro. Akangoyamba kupala kukhosi, mayiwo amakuwa ali kukhitchini: "Tsegulani chitsekocho, abambo, timve nawo kuti muli bwino."