Ulendo Womaliza wa Achimwene pa Galimoto ya Tabaini

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa chifukwa cha mkeka umene ndinagonapo panja pamodzi ndi amuna ena. M'nyumba ya siwa amayi anali akuimbabe, koma mawu anali atasasa. Achimwene anga aakulu anali m'bokosi pakati pawo. Anadwala chifuwa miyezi inayi, natisiya Lachiwiri. Kuseri kwa nyumba ena anali atayamba kale kusonkha moto ndi kutunga madzi.

Achimwene anali makaniko wodziwika kuchokera kuno ku Nkope mpaka ku boma, ndipo ine ndinagwira nawo ntchito m'galaja mwawo zaka zambiri. Chaka china anachotsa tebo, chipangizo chopopera mpweya mu injini, pa lole yakufa, nawotchererapo chitini choyakiramo mafuta, napanga injini yopanda mapisitoni, yozungulira ndi mpweya wotentha ngati ya ndege. Ankaitcha tabaini. Tinaimanga pa pikapu yakale. Inayenda ndithu, ndipo sinkasankha: parafini, dizilo, chilichonse choyaka. Koma titaiyesa katatu, achimwene eni ake anaifunditsa lona. Anati injini yotere imafuna kuthamanga osaima. Ikamayenda pang'onopang'ono imamwabe ngati ikuthamanga, ndipo mafuta ambiri amangosanduka moto wotulukira kumbuyo.

Dzuwa linatuluka lili lokwiya kale. Unali Okutobala, kopanda ndi kamphepo komwe. Anthu anayamba kufika pa njinga, pa matola, ena pa mabwato kuchokera ku Chembe. Asodzi achisilamu amene achimwene ankawakonzera injini za mabwato anakhala pansi pa mtengo wa mango, zisoti zawo zoyera zili mbuu.

Cha m'ma eyiti mwana woyamba wa malemu, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anandiitanira kugalaja. Lona lija anali atalichotsa.

"Bambo aang'ono, bambo apite pa galimoto yawo. Dziko lione zimene anapanga."

"Mwanawe, bambo ako anaisiya dala galimotoyi. Kumanda timayenda pang'onopang'ono, ndipo iyi siidziwa kutero."

"Ndinu nokha mumadziwa kuiyatsa. Mukakana, anthu adzati munkawachitira nsanje."

Ndinavomera. Ndilibe chodzikanira. Sabata imeneyo mafuta anali atasowa ku boma konse, koma mwana uja anazungulira pakati pa olira. Mwini chigayo anapereka dizilo amene anasungira ntchito ya mawa lake. Asodzi awiri anabweretsa parafini. Pa maliro munthu sakana. Zigubu zitatu zinalowa m'thanki, ine ndikuthira ndekha.

Abusa atatha kulalikira tinakweza bokosi kumbuyo kwa pikapu, nkhata za maluwa pamwamba. Ndinakhala pa chiwongolero n'kuyatsa. Poyamba inangolira ngati likhweru, kenako kulira kuja kunakwerakwera mpaka kulowa m'mano. Makanda analira. Mbuzi ya anansi inadula chingwe. Amayi a mpingo anayamba nyimbo, koma pa kalirole ndinkangoona milomo ikuyenda. Kutsogolo anzake awiri a mwana uja ankayenda chobwerera m'mbuyo, mafoni ali m'mwamba, mano ali pamtunda. Mmodzi anandikodola ndi dzanja kuti ndiwonjezere moto kuti chithunzi chikome.

Alamu anga, mkazi wa malemu, anayenera kutsatira bokosi pafupi, ogwiriziridwa ndi abale awo. Paipi yotulutsira utsi inkawauzira mpweya wotentha ndi fungo la parafini kumaso. Anayesa kupirira, kenako anayamba kutsokomola nabwerera m'mbuyo. Onse anabwerera nawo, zitenje zili pamphuno. Mpata unakula pakati pa galimoto ndi anthu. Achimwene, amene pakhomo pawo sipankatha alendo, anayenda okha pa ulendo wawo womaliza. Maluwa anafota tisanatuluke m'mudzi.

Pa kanjira kopapatiza udzu wouma unagwira moto, pafupi ndi munda wa chinangwa wa mayi wina wamasiye. Amuna anachoka pa mzere, nathyola nthambi n'kuyamba kuzimitsa, majekete a kutchalitchi ali pathupi. Mayi uja anaimirira manja ali kumutu. Sankalira maliro athu ayi.

Tisanafike pa mjigo, umene uli pakati pa njira ya kumanda, injini inayamba kutsika mawu, kenako zii. Zigubu zitatu zija zinali zitatha. Mafuta omwewo akanagaya chimanga cha mudzi wonse. Mwana uja anayamba kukuwa kuti wina athamange ndi njinga akafune ena. Palibe anasuntha.

Alamu anabwera pang'onopang'ono mpaka pa galimoto, maso ali psuu. Sanayang'ane mwana wawo. Anayang'ana amuna amene anali pafupi.

"Nditsitsireni mwamuna wanga. Wapuma utsi moyo wake wonse. Lero ayi."

Tinatsitsa bokosi. Mbali yake imodzi inali yotentha moti ndinachita kukulunga dzanja ndi mpango. Asodzi achisilamu aja, amene anazolowera kunyamula maliro pamapewa, anabwera osaitanidwa natisonyeza kulandirana osaima. Nyimbo inayambanso, ndipo ulendo uno inamveka. Alamu anayenda dzanja lili pa bokosi mpaka kumanda.

Adzukulu anagwira ntchito yawo mwaulemu. Pa nthawi ya mawu a banja, mwana uja anayankhula nthawi yaitali za luso la bambo ake ndi za makampani amene adzabwere kudzaona galimotoyo. Anthu anangoyang'ana pansi. Pobwerera tinaipeza ili pomwepo pakati pa njira, ndipo aliyense anailambalala ngati chinthu chonunkha.

Madzulo anthu ambiri anali atabalalika. Mipando ya kutchalitchi inali itasanjikizidwa pakhonde, ndipo m'nyumba munali bata. M'makutu mwanga mokha ndimo munkalirabe. Ndinasamba m'manja katatu, koma parafini sanachoke. Alamu anali atakhala pamkeka pabalaza, atatsamira khoma. Ndinalowa kuti ndiwatsanzike.

"Mwanayu sankadziwa," anatero. "Koma inu, alamu, munkadziwa."

Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko.