Zithunzi za a Sekondi

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi anthu ochepa. Ena tonse tinkangoti a Sekondi. Ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo yogulitsa nsalu, pa kathebulo kokhala ndi galasi pamwamba. Aliyense wobwera kudzatenga wotchi yake ankamuuza kuti, "Dikirani sekondi imodzi," munthu n'kuima pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Dzinalo linachokera pamenepo.

Anali munthu wamfupi, wosaseka wamba, ndipo chipewa sichinkachoka kumutu kwawo. Ntchitoyo anaiphunzira ali mnyamata ndipo inawalerera ana atatu. Kenako anthu anayamba kuonera nthawi pa foni. Mawotchi obwera pathebulo anachepa, otsalawo anali ongofuna batire kapena lamba. A Sekondi sanadandaule. Ankafikabe m'mawa, kupukuta galasi, kuyala tizitsulo tawo motsatira msinkhu, n'kukhala pansi kumayang'ana miyendo ya anthu odutsa.

Foni yojambula anawagulira ndi mwana wawo woyamba, namwino, amene anawalowetsanso m'gulu la achibale la pa foni. Kwa nthawi yaitali sanalembemo kanthu. Tsiku lina ntchito itasoweratu, anatenga kagalasi kawo kokuzira zinthu, kaja okonza mawotchi amapanira m'diso, n'kukagunditsa pa kamera ya foni. Analoza pa chikwama chawo. Chimene chinaoneka sichinafanane ndi chikwama m'pang'ono pomwe. Anajambula, natumiza kwa achibale aja ndi mawu awiri okha: "Ichi n'chiyani?"

Mng'ono wawo anati njanji. Mdzukulu wina anati msana wa nsomba. Alamu awo, mlongo wa akazi awo, dalaivala wa magalimoto onyamula katundu, anati mano a chigayo ndipo analumbira. Madzulo a Sekondi anatumiza chithunzi chonse. Inali zipi.

Mawa lake achibale anafunsa okha kuti china chili kuti. Posakhalitsa uthenga wa matenda ndi wa maliro unayamba kusowa pakati pa mayankho, choncho namwino uja anatsegula gulu lapadera. Achibale analowetsamo anzawo, anzawowo n'kulowetsamonso ena. Ine anandilowetsa ndi mnzanga wa kuntchito, ndipo ambiri mwa anthu a m'gululo sindinawaonepo ndi maso mpaka lero.

Malamulo anali a eni ake. Chithunzi chimodzi m'mawa, yankho pa nthawi yotseka thebulo. Munthu ayankhe kamodzi. Wokhoza sankalandira kanthu kupatula mawu akuti "Mwakhoza", amene a Sekondi ankawaumira ngati mankhwala. Tinaona mutu wa machesi ukuoneka ngati chulu, khungu la lalanje, tsitsi la mswachi, phiko la ntchentche. Munali mphunzitsi wina amene akalephera ankalemba ndime yonse yofotokoza kuti chithunzicho chinajambulidwa mokondera. Alamu aja ankayankha ali pa ulendo, ndipo chilichonse kwa iwo chinali chodyedwa kapena chitsulo cha galimoto.

Akazi a Sekondi analimo m'gululo koma sanayankhepo. Ankagwira ntchito yochapa pa hotela ina, tsiku lonse ali chiimire pa simenti yonyowa ndi madzi a sopo. Amuna awo akawaonetsa chithunzi ankangoti, "Zoyerekeza ndinasiyira ana ine," n'kupitiriza zimene akuchita.

Vuto la masewerawa linali loti zinthu zimatha. A Sekondi anajambula zonse za pathebulo, za m'sitolo ya nsalu, za kukhitchini, mpaka anthu anazolowera maso awo n'kumakhoza dzuwa lisanakwere. Loweruka lina masana mayiwo ataweruka anagona pa sofa, mapazi atasanjika pa mkono wa mpandowo, tulo n'kuwatenga. A Sekondi anayang'ana mapaziwo kanthawi, kenako anatulutsa kagalasi kaja.

Chithunzicho chinatuluka Lolemba, ndipo palibe china chimene chinalandirapo mayankho ochuluka chotero. Wina anati dambo louma nthawi ya chilala. Wina anati khoma la nyumba yakale. Mphunzitsi anati buledi wopserera ndipo anafotokoza zifukwa. Alamu analemba kuti, "Ichi ndi chikopa cha ng'ona yokalamba, choti ngakhale galu sangatafune." A Sekondi tsiku limenelo anaseka okha pathebulo mpaka wogulitsa nsalu anatuluka kudzaona.

Madzulo anatumiza phazi lonse, ndi mawu akuti, "Chidendene cha mayi a kunyumba. Palibe wakhoza."

Tinkhope toseka tinagwa ngati matalala. Kenako namwino analemba kuti, "Ababa, chotsani." Anachotsadi, koma anzawo a mayiwo a ku hotela anali ataona kale, ndipo ena anali atasunga.

Atafika kunyumba anapeza chakudya chili pathebulo, chovundikira bwino. Mayiwo anali pa sofa yomweyo, atavala masokosi.

"Anali masewera chabe, mayi," anatero a Sekondi.

"Ndamva. Alongo anga akuti ng'ona."

"Iwo sankadziwa kuti ndi inu."

"Inu munkadziwa." Kenako mayiwo anawonjezera kuti, "Phazi limenelo linang'ambika likuimira nyumba ino. Idyani, chizizira."

Sanakalipe, sanapite kwawo. Ankaphika, kuchapa, kuyankha zofunsidwa, basi. A Sekondi anagula mafuta odzola kumapazi n'kuwaika pawindo la kuchipinda. Botololo linakhala pomwepo losatsegula mpaka linachita fumbi. Analemba m'gulu kuti, "Ndinalakwa, pepani," ndipo mayiwo atawerenga anauza mwana wawo kuti bambo ake apepesa anthu a pa foni. Alamu anaimba foni kangapo, mlongo wawo osayankha. Zithunzi zinaima. Anthu anafunsa masiku oyamba, kenako anatopa, ena n'kutuluka.

M'mawa wina foni zathu zinalira. Chinali chithunzi, koma chochokera ku nambala imene inali isanalembepo kanthu. Pansi pake panali funso lomwe lija. Chinthucho chinali chobulungira, chonyezimira mbali imodzi, chokhala ndi timadontho ndi timaubweya towerengeka.

Poyamba anthu anaopa. Mphunzitsi ndiye anayamba, nati dzungu. Wina anati dzira la nkhanga, wina mwezi. Alamu, amene anali ataphunzirapo kanthu, anangolemba kuti, "Chinthu chokongola kwambiri, achemwali."

A Sekondi anachiona ali pathebulo lawo. Anasangalala kuti mayiwo alowa m'masewera, ndipo anaona kuti kusayankha kungaoneke ngati kunyoza. Anachikuza ndi zala, kuchitembenuza uku ndi uku, kenako analemba mwachidaliro cha katswiri: "Mbatata yoyamba kuwola. Onani nkhungu m'mbalimo."

Yankho linabwera nthawi yoweruka ku hotela. Chinali chithunzi cha a Sekondi ali m'tulo pampando Lamulungu masana, kukamwa kuli yasa, chipewa chitagwera pansi. Ambiri tinali tisanaonepo kuti kunsi kwa chipewacho kuli dazi loyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Mayiwo analemba kuti, "Mutu wa bambo a kunyumba. Eni ake akuti mbatata yowola. Ine sinditsutsa."

Namwino sanauze aliyense kuti achotse.

Zimene zinachitika kunyumba madzulo amenewo anatifotokozera ndi namwino yemweyo patapita nthawi. Akuti bambo ake analowa, kukoleka chipewa pamsomali, kukhala pansi. Anadya. Atasamba m'manja anati, "Kagalasi kanga munakatenga m'thumba la jekete?"

"Ndinakabweza momwemo."

"Munakagwira mopendeketsa. N'chifukwa chake m'mbali munachita mdima."

"Koma simunadzizindikire."

"Munthu amadziona pamutu?"

Mayiwo akuti anaseka koyamba chichitikireni nkhani ya chidendene ija, ndipo a Sekondi anatulutsa kagalasiko n'kuyamba kuwaonetsa kagwiridwe kake pa njere ya mchere. Kupepesa kwenikweni, ngati kunachitika, kunachitika ana kulibe.

Kuyambira pamenepo gululo linakhala ndi eni awiri, ndipo panawonjezeka lamulo loletsa kujambula thupi la munthu, wamaso kapena wogona. Mayiwo ankatumiza kumapeto kwa sabata zinthu za kuntchito kwawo: thovu la sopo, kunsi kwa simbi, ulusi wa thaulo. Zawo zinali zovuta kuposa za amuna awo, ndipo iwo sankanena n'komwe kuti "Mwakhoza". Ankangotumiza yankho n'kuzimitsa foni.

Chaka chotsatira sitolo ya nsalu inagulitsidwa, ndipo mwini watsopano anafuna khonde lake. A Sekondi ananyamula kathebulo kawo pa wilibala n'kukakaika pawindo la pabalaza. Ntchito siinachuluke, koma siinafe. Anthu a m'gulu anayamba kufukula mawotchi akale a makolo awo m'masutikesi n'kumawatumizira, ena kuchokera kutali kudzera mwa alamu aja. Mphunzitsi anabweretsa yake yekha, nakhala masana onse akutsutsana nawo za chithunzi cha buledi chimene sichinali buledi.

Gululo lachepa tsopano, monga zimathera zinthu za pa foni. Ena anasintha manambala, ena anapeza masewera ena. Otsalafe timayankhabe tikapeza mpata, pa basi kapena pa nthawi yopuma. A Sekondi maso ayamba kuwavuta, moti masiku ena chithunzi chimabwera mochedwa, masiku ena osabwera. Cha dzulo chinali cha mayiwo, chinthu chofiirira chokhala ndi timabowo. Ine ndinati siponji. Inali njerwa ya pakhomo pawo.