Kapu ya Ulusi Wofiira

Mpaka lero ndikamva nthunzi ikulira pa chivundikiro cha poto, mtima umabwerera kuseri kwa kachipatala ka kwathu, pafupi ndi Chinyunyu. Kumeneko kunali kachipinda kotentha, konunkha parafini ndi kolorini, mmene mayi anga ankatsukira zitsulo za chipatala. Sukulu sanapite nayo patali, koma m'kachipindako ngakhale namwino ankalowa atagogoda.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkadzera komweko kuti tibwerere limodzi kunyumba. Mayi ankayamba ndi kuviika zitsulo m'beseni, kenako n'kuzikwecha ndi kaburashi chimodzichimodzi. Masizasi ndi zopanira ankazisiya zoyasama, ati nthunzi siifika pamene patsekedwa. Tsiku limene wozula mano wabwera kuchokera ku Mpanshya, beseni linkadzaza ndi mapulayasi a magazi, ndipo ine ndinkaima patali nditagwira tsaya. Zitsulo zikauma ankazikulunga m'nsalu zobiriwira, mwaukhondo ngati akufunditsa khanda, n'kumatapo kapepala ka mizere yotumbuluka.

Ndiyeno pankabwera chipoto chachikulu chophera matenda ndi nthunzi, chimene iwo ankachitcha otokilevu monyadira. Ankathira madzi mpaka pamzere, n'kulongedza mitokoma, n'kumanga zomangira za chivundikiro ziwiriziwiri moyang'anizana. Akayatsa pulayimasi, chitofu cha parafini, ankasiya kampopi kotsegula kuti mpweya uyambe watuluka, kenako n'kutseka. Muvi wa kawotchi ka pamwamba unkakwera pang'onopang'ono, ndipo nthawi yonseyo mayi sankalola kucheza. Chikazizira n'kutsegula, mizere ija inkakhala itada.

"Ukaona mizere yada, ninshi matenda onse afa," ankandiuza choncho. Ine ndinakhulupirira mawuwo kuposa katekisimu.

Bambo anali atamwalira chaka chathacho. Chilimwe chimene ndikunenachi, mayi nawonso anayamba kuonda. Mphete inayamba kuvuka m'madzi a sopo, ndipo zomangira za chipoto zinayamba kuwakanika. Masuku asanapse anasiya ntchito n'kugona. Anthu a kukasupe wa madzi otentha, kumene tinkachapira, ankatsitsa mawu ndikafika, koma liwu lakuti kaliwondewonde ndinkalimva ndithu.

Azakhali a Velonika, alongo awo a bambo, anabwera kudzadwazika mayi, ali ndi ana awo awiri. Sindinganame, anali munthu wogwira ntchito. Ankawasambitsa, kuwachapira, kuwaphikira phala. Koma anali ndi mantha, ndipo mantha awowo anawamangirira pa kapu. Inali kapu yachitsulo yoyera, yobenthuka m'mphepete, imene tonse tinkamwera kale pamtsuko. Tsiku lina anamanga kaulusi kofiira pa chogwirira chake, n'kuichotsa pathandala, n'kuipachika pa msomali kuseri kwa nyumba.

"Iyi ni ya amai ako cabe. Osamwelako, wamva? Olo kuigwila, usambe m'manja."

Mayi sanadandaule. Koma ndinkaona maso awo madzulo, ife tikamapatsirana kapu imodzi pamphasa, iwo ali pakhonde ndi yawo. Munthu amene anatha zaka akuyeretsa zinthu za anthu ena anasanduka wodetsa kapu. Zinkandipweteka kwambiri, koma nanenso ndinkaopa. Akandituma madzi ndinkaigwira ndi nsonga ya chitenje.

Masana ena, nyenje zikulira mogonthetsa m'khutu, nzeru inandibwerera. Ndinatsitsa kapu pamsomali, n'kuikulunga m'masamba a mango, n'kuthamanga nayo kuchipatala. Ndinapeza ba Sisita Mulenga, namwino wathu, ali m'kachipinda kaja akulimbana okha ndi zitsulo, thukuta lili kamukamu. Anali mayi wamtali, waukali, woti odwala ankachira ndi mantha.

"Ni cani, Esinati? Amai bali bwanji?"

"Nifuna muike kapu iyi mu otokilevu, ba Sisita. Matenda afe, bazimwa na ise."

Anaiyang'ana kapuyo, n'kuyang'ana kaulusi. Kenako anachita chinthu chimene chinandidabwitsa. Anaitenga m'manja mwanga popanda nsalu, natunga madzi mu ndowa, namwa onse mpaka kugugudiza. Sanaitsuke n'komwe.

"Kwapya lelo," anadandaula za kutentha akupukuta pakamwa. "Naiwe imwako."

Ndinapukusa mutu. Mumtima ndinkati, namwino wanji wosasamala chonchi, mayi anga akadamukalipira. Iwo anausa moyo, n'kutenga nsalu yobiriwira. Anaikulunga kapu, namatapo kapepala, naiika pakati pa mapulayasi ndi masizasi. Tinadikira muvi kukwera, tinadikiranso kuti utsike. Atatsegula, mizere inali bii.

Ndinabwerera kunyumba ndikuuluka, mtokoma ukadali wofunda pachifuwa. Ndinakauika m'manja mwa azakhali ana awo akuona, n'kuwalozera mizere, n'kufotokoza zonse monga mayi ankanenera. Azakhali anamvetsera bwinobwino, sanandiseke. Anangondifunsa funso limodzi.

"Nanga bakamwelako futi mailo, mwana wanga?"

 Zoti mawa mayi adzamweramonso sindinaziganizeko. Ndinaima pabwalo pakati padzuwa, misozi ikubwera yokha.

Mayi anandiitana pakhonde. Analandira mtokoma uja, naununkhiza atatsinzina, ngati munthu amene wakumana ndi fungo la kwawo. Kenako anautembenuza, nayang'ana m'makona.

"Ba Sisita sibanaphunzile kumanga mpaka manje," anatero, naseka, kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Anakanganula kapepala kaja mosamala n'kukamata pa mtanda wa khonde, ndipo anati ndiwatungire madzi. Anamwa pang'ono, n'kunditambasulira kapu. Ine ndinayang'ana azakhali, ndinayang'ana kaulusi. Ndinailandira ndi nsonga ya chitenje, n'kukaipachika pamsomali pake.

Mayi anamwalira mvula yoyamba itangogwa, fumbi la pamsewu waukulu litangozizira. Azakhali anafuna kutaya kapuyo m'chimbudzi pamodzi ndi mphasa, koma ndinaibisa m'nkhokwe.

Papita zaka zambiri, ndipo zimene ba Sisita Mulenga ankadziwa tsopano mwana wa sukulu aliyense amazidziwa: Edzi siyenda m'kapu. M'kapu ija munalibe chilichonse choti nthunzi iphe. Ndili mwana ndinkaganiza kuti chachikulu chimene anandichitira tsiku lija ndi kuyatsa pulayimasi, koma anayatsa chifukwa choti yankho lawo loyamba ndinalikana. Azakhali sindiwasungira mangawa, ankateteza ana awo ndi nzeru zimene anali nazo. Chimene chimandilasa ndi dzanja lowonda la mayi lija litatambasuka pakhonde. Kapuyo ndili nayo, kaulusi kanayoyoka kalekale, ndipo ndimamweramo tsiku lililonse. Kungoti mayi sanandione ndikumwa.