Kabodi ka USB kanapha anapiye a amayi a kumpingo

Anapiye onse afera m'zigoba, ndipo munthu amene anachititsa zimenezi akuti ndisakwiye chifukwa ndi mbuya wanga, wa mtundu umene timanyozana nawo mwanthabwala. Ndakwiya ndithu, ndipo mumve mmene zinayendera.

Ine ndine mphunzitsi kuno ku Sinda, m'chigawo cha kum'mawa. Chitopa chitasesa nkhuku m'midzi yathu, ndinatenga firiji yakufa n'kuikamo mababu awiri kuti izifungatira mazira. Laputopu yanga imayeza kutentha kwa m'katimo. Chinkasowa ndi kabodi ka rileyi, kaja kolowa pa USB, koti kompyuta ikalamula kaziyatsa kapena kuzimitsa mababu.

Ndinakwera minibasi kupita ku Katete. Shopuyo sindiitchula, eni ake akudzidziwa. Mwini wake ndi Mbemba, ndipo atangomva kalankhulidwe kanga anandifunsa kuti odya mbewa tinayamba liti kugwira makompyuta. Ine ndinamubwezera za nyama ya anyani, tonse tinaseka. Ndi chimbuya chimenecho, ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana popanda wosunga mangawa. Sindinadziwe kuti kwa bamboyu chimbuya ndiye walanti, chitsimikizo chokhacho cha katundu wake.

Anatulutsa kabodi, nati mawaya alumikiza yekha popeza zamagetsi si za amayi. Anamanga mawaya a babu, analowetsa pa laputopu yanga, kabodi n'kulira kuti tche.

"Mwamvela madamu? Ikalila so, ninshi ni orijino."

Kulira kunakhala liti umboni? Ngakhale mpando wothyoka umalira.

Ndinadina poyatsa, babu linazima. Ndinadina pozimitsa, babu linayaka. Nditafunsa, anati za kunja zimabwera choncho. Ndinamupempha kuti amasule aonenso mawaya. Anati sikuludiraiva yabwerekedwa ndi wokonza mafoni wa khomo linalo, ndipo ameneyo akabwereka chinthu sabweza msanga. Basi analowa mu pulogalamu n'kusinthanitsa malamulo awiriwo kuti zioneke zolongosoka. Ndinamufunsa funso limodzi lomveka bwino: kompyuta ikazima ine kulibe, mababu atani? Analumbira kuti zonse zizimira limodzi.

Kunyumba zinkayenda bwino, ndipo mbiri inafika kumpingo. Amayi anayamba kubwera ndi mazira, aliyense atalemba ake chizindikiro ndi khala. Anabanda, amasiye amene akulera zidzukulu, anasinthitsa mtedza wawo wa mbewu kuti apeze mazira kutali kumene chitopa sichinafike. Pondipatsa anati mtima wawo uli m'malo chifukwa ali m'manja mwa aphunzitsi.

Loweruka lapitali ndinaika khutu pafiriji n'kumva anapiye akulira m'zigoba. Ndinauza amayi onse kuti akonze malichero ndi gaga.

Lamlungu tili kutchalitchi, laputopu inaganiza zodzikonza yokha. Inazima, inayakanso, n'kukhala phee kudikira kuti ndilembe mawu achinsinsi. Mababu sanazime. Anayaka mapemphero onse, msonkhano wa amayi wonse, mpaka ine kufika masana. Nditatsegula chitseko cha firiji, mpweya unandiwomba kumaso ngati wa mu uvuni wa njerwa. Ndinaswa dzira limodzi. Mwanapiye anali wathunthu, ubweya ndi kamlomo komwe. Ndinakhala pansi n'kulira.

Ndafufuza tsopano, ndipo aliyense wofuna kugula kabodi kotere amve. Kali ndi mabowo atatu a waya. Lapakati ndi la onse. Lina limapereka magetsi pokhapokha kompyuta ikalamula. Linalo limapereka magetsi nthawi zonse kompyuta ikakhala chete. Katswiri wathu anaika waya wa mababu m'bowo lachitatuli. Kukonza kwake kunali kumasula kasikulu kamodzi kogwira waya. Kamodzi kokha, koma ulesi wokatenga sikuludiraiva khomo linalo.

Lolemba nditaweruka ndinabwerera ku Katete ndi kabodi kake m'manja. Ndinafotokoza zonse mwaulemu. Mukudziwa chimene anachita? Anaseka mpaka kugwira kauntala. Anaitana anzake a mashopu ena kuti adzamve za a kum'mawa amene mbewa zawachepera, tsopano akuwotcha nkhuku zisanabadwe. Ndinamuuza kuti lero sindinabwerere nthabwala. Anati mbuya sakwiya, ndipo mbuya saimbidwa mlandu. Ndinafunsa kuti nanga amayi aja ndikawauza chiyani. Anati ndikawauze kuti ndi ngozi, ndipo andigulitsa kabodi kena motsitsako popeza ndine wachibale.

Wachibale! Kodi chimbuya chinayamba liti kulumikiza mawaya? Kasitomala wochokera kwina akanamuseka chonchi? Kapena ife tokha ndi amene timalipira katundu n'kupatsidwa nthabwala?

Dzulo ndinapita kwa Anabanda. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwina mtima ukanapepuka. Sanatero. Anangoyang'ana khola lawo latsopano, limene anamanga okha ndi mapesi, kenako anati:

"Mundipatse mazira anga aja, aphunzitsi, ndikakwirire ndekha. Agalu angazolowere."

Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze. Mvula ili pafupi, ndipo mayiwa alibe nkhuku, alibenso mbewu ya mtedza.

Inu ogula, musatuluke m'shopu chifukwa choti kabodi kalira. Yatsani babu, kenako zulani waya wa USB wogulitsayo akuona. Babu likapitiriza kuyaka, muuzeni akonze pomwepo, ngakhale atakhala mlamu wanu.

Ndipo inu bambo a shopu, popeza mwambo mumaudziwa kwambiri, mukudziwanso kuti mbuya weniweni pamaliro sangoseka. Amakumba manda, amasenza zolemera za ofedwa. Mtedza wa mbewu uja ndi katundu wanu, musenze. Loweruka ndikubweranso, ndipo sindibwera ndekha. Anabanda adzakhala pabenchi la pakhomo panupo. Mudzayese kuwaseka iwowo.