Zambia ya Pakhonde Pathu

Ku Mchinji tinali ndi Zambia ziwiri. Ina ndi imene mukuidziwayi, yolowera cha ku Chipata. Inayo inali pakhonde pathu, ndipo inkatsegulidwa Loweruka masana amuna anga akatulutsa bawo.

Amuna angawo anali mphunzitsi, ndipo boma linatitumiza kusukulu ina kufupi ndi Kamwendo. Munthu wabwino, inde, koma pakamwa! Mulungu powaumba anaiwala chotsekera. Nthawi imeneyo, ya chipani chimodzi, pakamwa pankasowetsa munthu. Ukadandaula pagulu kuti mchere wakwera mtengo, mawa lake galimoto yaima pakhomo, basi ana ako ayamba kukuona pachithunzi. Ine ndinali ndi ana atatu ndi pathupi pena, ndipo sindinkafuna umasiye mwamuna ali moyo.

Mwamwayi anthu a m'malire anali ndi njira yawo. Chilichonse chowawa cha kuno unkachiwolotsa malire. Munthu ankati, "Ku Zambia feteleza wakweranso," anzake n'kupukusa mitu, "Kalanga ine, anzathu akuvutika." Aliyense ankadziwa kuti fetelezayo ndi wa pa Kamwendo pomwepa. Koma kunena dziko la eni sunali mlandu.

Mnzawo wa bawo wa amuna anga anali tcheyamani wa chipani wa dera lathu, bambo wamtali wofatsa, mlimi wa mtedza. Ankakhala awiriwiri ndi akazi awo. Mwana wawo wamwamuna, yemwe kale anali kalaliki pa boma, tinauzidwa titangofika kuti ali ku Zambia, ndipo ine ndinkangoti anapita kukasaka ntchito. Udindo wa atcheyamani unali kukanena aliyense wonyoza boma. Ndiye tangoganizani, munthu wotero n'kumakhala pakhonde panga sabata ndi sabata, moyang'anizana ndi pakamwa paja.

Chaka chimene ndikunenachi kunali chisankho cha aphungu. Anatiimikira anthu awiri a chipani chomwecho kuti tisankhepo mmodzi. Loweruka lomaliza tisanavote, pabawo panadzaza: aneba, makolo a ana asukulu, ena ongodutsa. Pagulu lotero sunkadziwa kuti khutu la boma ndi liti. Tinalinso ndi mlendo, alamu awo a amuna anga, Mzambia weniweni wa ku Chipata amene anakwatira mlongo wawo. Anali atabwera panjinga kudzagula shuga, poti kwawo ankasowa. Vuto n'lakuti palibe anakumbuka kuwauza za Zambia yathu ija.

Ine ndinali pambali, ndikuswa mtedza, chidebe cha thobwa chili pafupi.

"Ndamva kuti ku Zambia kuli chisankho," anayamba motero amuna anga. "Akukupatsa mazira awiri a nkhuku imodzi, amvekere sankha."

"Dzira lina limakhala losukusa, aphunzitsi," anayankha atcheyamani. "Kusankha n'komweko."

Anthu anaseka. Mlendo uja anangokweza nsidze.

"Nanga mtedza?" anapitiriza amuna anga. "Ku Zambia mlimi amalima, amakumba, amaswa mpaka zala kuchita matuza. Akafika kumsika wa boma, mtengo wake ngati akupempha. Fodya wandalama akuti azilima a maesiteti okha, ndipo maesitetiwo eni ake ndi akuluakulu omwewo."

"Koma ku Zambiako msewu anaumanga," anatero atcheyamani. "Chimanga chili m'nkhokwe, nkhondo kulibe. Munthu ukakhuta umayamba kuona kuti mbale ndi yopindika."

"Kukhuta? Dziko loti mayi wapakati amagula makhadi a chipani awiri, lake ndi la mwana wam'mimba? Mwana asanaone dzuwa ali kale membala!"

Apa ndinatsokomola dala, chifukwa makhadi awiriwo anali m'kansalu kanga. Koma mlendo uja anali atafika pakhosi. Anadzambatuka, chipewa chili m'manja.

"Iyayi alamu, manje mwanyanya! Nakhala chete, mutukwana dziko yanga monga nilibe matu. Shuga tilibe, navomera. Sopo timaimira pamzere, navomera. Koma khadi ya mwana wa m'mimba? Kwathu kulibe! Ine naona na maso anga pa msika wanu uyu, anyamata a chipani ovala zofiira abweza mzimayi wa mimba chifukwa alibe khadi yachiwiri. Zonse mukamba izi si za kuno?"

Wina amene ankatafuna nzimbe anasiya kutafuna. Mwana m'mimba mwanga anatembenuka. Mawu a mlendo akanatha kupita ndi mphepo, poti mawa lake akanawoloka. Koma ndinawaona amuna anga akumwetulira kumwetulira kwa mphunzitsi amene wapeza mwana wosamva phunziro. Ndinadziwiratu kuti tapsa.

"Alamu, inu simukumvetsa," anatero akukweza chala. "Ife kuno tikati Zambia timatanthauza..."

Sindikudziwa kuti ndinanyamuka bwanji ndi mimba imene ija. Ndinangoona chidebe chonse cha thobwa chili pamutu pa amuna anga, khuthu! Lina linadzaza m'maenje a bawo, lina likuyenderera m'kolala ya shati yawo ya kutchalitchi.

"Mayo ine, chizungulire!" ndinakuwa. "Pepani bambo, mimbayi yandipepula manja."

Anandiyang'ana, chimera chili m'nsidze, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni anatseka pakamwa osauzidwa. Koma nkhani inali isanathe. Maso onse anali pa atcheyamani. Akanakhala chete, wina pagulupo akanakanena kuti iwo anamva zonyoza boma n'kusachitapo kanthu, ndiye galimoto ikanaima makomo awiri.

Anachotsa nkhomo zawo m'thobwa imodziimodzi, n'kuzipukuta ndi mpango.

"Alendo athu atopa ndi njinga, dzuwa lawawomba," anatero mosafulumira. "Munthu aliyense amaikira kumbuyo kwawo, si mlandu. Koma ine pano ndamva za ku Zambia zokhazokha. Kaya anzanga mwamva zina?"

"Za ku Zambia!" anayankha anthu onse ngati kwaya. Wa nzimbe uja anawonjeza kuti Azambia ndi anthu omvetsa chisoni kwambiri.

Mlendo anafuna kuyambiranso, koma ndinamukankhira mbale ya mtedza m'manja ndi diso limene ana anga ankalidziwa bwino. Anakhala pansi akung'ung'udza kuti Amalawi mitu yathu siyenda bwino.

Anthu atabalalika, tinatsala anayi. Amuna anga anali atasintha shati, akundiyang'ana cham'mbali ngati galu wakuba mazira. Mlendo uja mtima unali utatsika, ndipo anafuna kukonza zimene anawononga.

"A chairman, munikhululukire," anatero. "Namvera kuti mwana wanu ali kwathu ku Zambia. Ali tauni iti? Lembani kalata, ine nizamupelekera na manja anga."

Atcheyamani anayang'ana bawo lonyowa lija.

"Zikomo, alendo," anatero. "Koma Zambia imene kuli mwana wangayo njinga siifika. Chino n'chaka chachitatu."

Apo m'pomwe ndinazindikira kuti galimoto ija inali itaima kale pakhomo pawo n'kumutenga mwanayo. Zaka zonse zija ndinkawafunsa akazi awo pachitsime kuti, "Kaya a ku Zambia alemba?" Iwo ankangoti, "Sanalembe, mayi," n'kusenza ndowa yawo. Manyazi ndi chisoni zinandigwira limodzi, ndinalephera ngakhale kuwaperekeza atcheyamaniwo.

Tsiku lovota ndinawaona atcheyamani pasukulu, atavala baji yawo, akuimika anthu pamzere. Tinaponya mavoti athu, dzira lina linapambana. Loweruka lotsatira anabwera nthawi yawo yomweyo. Amuna anga anatulutsa bawo, ine ndinaika chidebe cha thobwa pafupi ndi mwendo wanga, pomwe amuna angawo akanatha kuchiona.