Kansalu kanga pa chamba cha Kevin

Nkhaniyi imandipsetsabe mtima, ndipo wopusa wake ndine ndemwe.

Tsiku lina ndikukoka bini kuseri kwa nyumba yathu mumzinda wa Lawrence, kuno ku Indiana, ndinagwetsa mphika wa maluwa wa Kevin, mzungu woyandikana nafe. Tsinde la chomera chake linang'aluka pakati. Ndisaname, ndinachizindikira. Ndinakulira ku Nkhotakota, chamba ndimachidziwa ngati chinangwa.

M'malo mokagogoda n'kupepesa, ndinachita mantha. Ndinang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chomwe ndinavala, n'kumanga tsindelo pakamtengo ngati tomato, kenaka n'kuthawa. Sindinaganize n'komwe kuti chinali chitenje cha amayi a kumpingo, cholembedwa dzina la mpingo wathu.

Patatha masabata atatu, ndikuperekeza mayi busa kugalimoto, Kevin anatulukira kansalu kaja kali m'manja. Chitenjecho ankandiona nacho kawirikawiri, ndiye anandithokoza mokuwa kuti ndili ndi manja odala, chamba chake chachira.

Mayi busa anakalandira, n'kuwerenga dzina lija. "Mayi a Tadala," anatero chapansipansi, "kuno ku Indiana anthu amamangidwa nazo izi. Ulimiwu mwayamba liti?"

Ndinalakalaka kummeza wamoyo Kevin uja. Zaka zonsezi ndikuyimba kwaya mpaka kusasa mawu, koma lero kumpingo amandidziwa ngati dokotala wa chamba.